Mota ikulira koma khadi silikuyenda: mafunso pa kilatchi ya HP-67

Khadi mu kakyuleta n'lachiyani?

Kampani ya Hewlett-Packard itatulutsa HP-65 mu 1974, pulogalamu inkafufutika munthu akangozimitsa makinawo. Choncho ankaisunga pa kakhadi kowonda ka maginito. HP-65 inkasunga masitepe 100, ndipo inapita m'mlengalenga pa ulendo wa Apollo-Soyuz mu 1975. HP-67 ya mu 1976 inafika pa masitepe 224. Khadi limalowera kumanja, mota n'kulikoka kudutsa pa kamutu kowerenga, n'kutulukira kumanzere.

Nanga kilatchiyo ili pati?

Pakati pa mota ndi kagiya kooneka ngati sikuluwu. Ndi kachubu kachitsulo kokhala ndi labala m'kati. Mota imazungulitsa labalayo, labala n'kuzungulitsa kagiya, kagiya n'kuyendetsa gudumu lokoka khadi. Zaka zikachuluka labalayo amasungunuka kapena kunyenyeka, ndiye mota imangozungulira yokha.

Ndidziwa bwanji kuti vuto ndi kilatchi, osati gudumu?

Yang'anani khadi, kenako tcherani khutu. Gudumu likafa, khadi limatuluka litamatidwa zonata ngati phula. Koma ngati khadi lili loyera, mota ikulira mothamanga, khadilo n'kumaima panjira kapena kuyenda modukizadukiza mpaka makina kulemba Error, kayikirani kilatchi. Mukatsegula, gwirani kagiya ndi chala n'kuyesa kupotoza. Kakamaterereka mosavuta, mwapeza vutolo.

Ambiri amasintha gudumu lokha chifukwa ndilo lotchuka, n'kutseka makina akusangalala. Gudumu latsopano limagwira khadi mwamphamvu kuposa lakale, ndipo kilatchi yotopa ija imatheratu pomwepo. Ine ndimati sinthani zonse ziwiri tsiku limodzi.

Kukonza kwake kumatani?

Sololani kachubu kaja molunjika, osakagwedeza, kuopa kupinda kamtengo ka mota. Kokotani labala wakale ndi kamtengo kotokosera m'mano, n'kutsuka ndi sipiliti wa isopropyl. Kenako vulani khungu la waya wamagetsi wochepa, kapena dulani kapaipi ka silikoni, koti kalowe mothina pa kamtengo ka mota ndiponso m'kachubumo. Utali ukhale wofanana ndi wa labala wakale. Mukabwezera, yatsani mota muone kagiya: kakamayenda mokhotakhota, vulani muyambirenso. Apa pamafunika kuleza mtima, chifukwa kupendekera pang'ono kokha kumasokoneza liwiro la khadi, ndipo liwiro likamasinthasintha makina sawerenga bwino.

Bwanji osangothira guluu basi?

Alipo amene amatero, ndipo zimayenda. Koma guluu wouma gwaa safewetsa kugwedera kwa mota, phokoso limakula, ndipo khadi likatsamwa mphamvu yonse imathera pa mano a giya yapulasitiki ya pa gudumu. Khungu la waya mulipeza paliponse. Giyayo kulibe fakitale imene ikuipangabe. Dontho la guluu likalowa m'mota ndiye mwaononga zambiri.

Ndisamale chiyani potsegula?

Masikuluwu ena anabisika pansi pa chomata cha kumbuyo, choncho chimatuleni pang'onopang'ono. M'kati muli timipira toyera ta nayiloni timene timakankha masiwitchi khadi likamadutsa. Gwirirani ntchito pa thireyi yoyalapo nsalu. Kamodzi kakagwa pansi, mudzasesa nyumba yonse.

Ndakonza, koma mota ikufookabe.

Onani batire. Mota imadalira mabatire atatu a NiCd, ndipo chaja payokha siikwanitsa kukoka khadi. Tsukaninso malo amene batire amagunda, chifukwa dzimbiri la pamenepo limadya mphamvu.