Mbiri yoipa ikakugwerani: malangizo kwa othamanga a ku Likhubula

Mpikisano wa Mount Mulanje Porters Race umayambira pa Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikiranso pa Likhubula pomwepo, mtunda wopitirira makilomita 20. Unayamba ngati mpikisano wa onyamula katundu wa alendo ndi owalondolera njira m'phiri, ndipo ambiri amene amathamanga amadyera ntchito yomweyo. Kwa iwo dzina labwino ndiye nsima. Likangomveka liwu loti uje anadula njira, anamwa mankhwala owonjezera mphamvu, kapena kanema wake akuchita ndewu pa Chitakale wafala pa WhatsApp, chotayika si mphoto yokha. Mlendo amasankha wina womunyamulira chikwama, ndipo amene ankamugulira wothamangayo nsapato amabweza dzanja. Zikakugwerani, tsatirani izi.

1. Musayankhe mtima uli m'mwamba. Mawu ojambulidwa mutakwiya amafika ku Blantyre inu musanafike pa Mulanje Boma, ndipo sabwezedwa. Tsiku loyamba ndi losonkhanitsa umboni. Jambulani uthenga uliwonse wokunenani, poonekera tsiku ndi amene anautumiza. Musafufute zimene munalemba kale, chifukwa ena anazisunga ndipo adzati mukubisa kanthu.

2. Uzani munthu mmodzi zoona zokhazokha. Akhale mphunzitsi wanu, mtsogoleri wa gulu la olondolera alendo, kapena malume. Mufotokozereni zonse, ngakhale zochititsa manyazi. Wokuimirani akamva mbali ina ya nkhani kwa anthu a kunja, amachita manyazi n'kukusiyani nokha.

3. Kaonaneni ndi eni nkhani musanapite kwa atolankhani. Yambani ndi okonza mpikisano, kenako amene amakuthandizani ndi ndalama kapena zovala. Asamve pa wailesi. Ngati nkhaniyo ikukhudza malamulo a masewero, lemberani bungwe loyendetsa masewero othamanga m'dziko muno, n'kusunga kope la kalatayo. Ngati munamwa mankhwala a kuchipatala, tengani buku lanu la kuchipatala ndi kapaketi komwe, pakuti mankhwala ena wamba ali pa mndandanda wa oletsedwa wa WADA, bungwe lolimbana ndi mankhwala owonjezera mphamvu m'masewero.

4. Lankhulani kamodzi, mwachidule, ndipo musanene bodza. Apa m'pamene ambiri amagwera. Lance Armstrong, katswiri wa njinga wa ku America, anakana kwa zaka zambiri kuti ankagwiritsa ntchito mankhwala oletsedwa. Mu 2012 analandidwa ulemu wonse wa mipikisano 7 ya Tour de France imene anapambana, ndipo pamene ankavomera mu Januwale 2013, anthu anali atakhumudwa kale ndi bodza lake kuposa mankhwalawo. Maria Sharapova wa tenisi, mu Malichi 2016, anaitana yekha atolankhani n'kuulula kuti wapezeka ndi mankhwala a meldonium. Chilango sanachizembe, anakhala miyezi 15 osasewera, koma nkhani inamveka kuchokera pakamwa pake ndipo anabwerera m'bwalo.

Ngati munalakwadi, mawu anu akhale ndi zinthu zitatu: chimene munachita, amene mwawalakwira, ndi mmene mukonzere. Mwachitsanzo: "Ndinasiya njira yovomerezeka potsika ku Lichenya. Ndapepesa kwa okonza mpikisano ndi kwa anzanga amene ndinawadutsa mosayenera. Mphoto ndabweza." Musawonjezere kuti "ngati ena akhumudwa", kapena kuti "ena amachitanso zomwezo". Kupepesa kokhala ndi mchira kumautsa mkwiyo watsopano. Mawu omwewo muwanene kwa mtolankhani, pa Facebook ndi pamaso pa a mfumu, osasintha.

5. Ngati akukunamizirani, kanani ndi umboni, osati ndi mwano. Tchulani oyang'anira amene anakuonani m'njira, anzanu amene munatsatana nawo pa chitunda cha Chambe, zithunzi za owonerera, kapena wotchi ya GPS ngati munavala. Nyuzipepala kapena wailesi ikalakwitsa, pemphani mwaulemu kuti ikonze. Ikakana, kadandauleni ku Media Council of Malawi. Wokuzunzani pa intaneti mungathe kukamunenera ku polisi, pakuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa mchitidwewu. Koma ngati woyambitsa mphekesera ndi mnzanu wa m'mudzi, yambani mwakhala pansi kwa a mfumu. Mawa mudzakumana naye pa ofesi ya zankhalango mukudikira alendo limodzi.

6. Letsani abale kukumenyerani nkhondo. Mlongo wanu akatukwana pa gulu la WhatsApp, anthu amawerengera inu. Auzeni kuti wolankhula ndi mmodzi.

7. Landirani chilango, bwererani ku ntchito. Mlandu suwola, choncho musathawe poganiza kuti anthu aiwala. Mukaimitsidwa, musasowe. Pitirizani kukonzekera, thandizani kulambula njira za m'phiri, perekani madzi kwa othamanga pa tsiku la mpikisano. Anthu a ku Likhubula amakudziwani kuyambira muli mwana, ndipo adzakuweruzani poona mmene mukukhalira miyezi yotsatira. Dzina limabwerera pang'onopang'ono, ndipo limabwerera kwa amene ananena zoona pa tsiku loyamba.