Kukonza Pobenthuka Utoto pa Galimoto Yakale

Alimi amene muli ndi galimoto yonyamulira mbeu mudziwa mmene timiyala ta m'miseu yathu timabenthulira utoto. Ambiri amati n'kacipsera cabe. Koma pansi pa utotowo pali citsulo, ndipo citsulo cikakumana ndi madzi ndi mpweya cimacita dzimbiri. Dzimbirilo limayenda pansi pa utoto wabwino monga ciswe m'nsici, mpaka pabooka. Pamene pamakhala matumba a fataleza ndipo poopsa koposa, pakuti fataleza akanyowa amadya citsulo ngati mcere. Nchito iyi muicite mu September kapena October, mvula isanagwe.

Poyamba tsukani pamalopo ndi sopo, paume bwino. Palani dzimbiri lonse ndi sandipepa kufikira citsulo cioneke cowala, ndipo pukutani pfumbi ndi mafuta. Pamenepo pakani utoto wa pansi wochinjiriza dzimbiri, monga uja wofiira umene m'masitolo amauchula red oxide. Munthu wopaka utoto pamwamba pa dzimbiri angotaya ndalama zake. Land Rover zakale zili ndi thupi la aluminiyamu limene silicita dzimbiri lofiira, koma cesisi cake n'cacitsulo, yang'ananinso pansi.

Tsono cobvuta ndico kupeza mtundu wofanana. Opanga galimoto amalemba nambala ya utoto pa kambale kamene kamakhala pafupi ndi injini kapena pa mphuthu ya citseko. Pa Toyota nambalayo imatsata malemba akuti C/TR. Mwacitsanzo 040 ndi mtundu wina wa utoto woyera. Musayese kuti zoyera zonse n'zimodzi: kuli koyera ngati ufa, kwinanso konga mkaka.

Komabe nambalayo ikuuzani mtundu umene galimoto inali nao ili yatsopano. Dzuwa la zaka 15 kapena 20 lausintha, makamaka wofiira, umene umatumbuluka msanga. Cifukwa cace masulani kacitseko ka pothirira mafuta, mupite nako kwa osakaniza utoto ku Chipata kapena ku Lusaka, kuti afanizire ndi mtundu wa lero. Mukabwera nao yesani pa kacidutswa ka lata, ndipo dikirani uume, popeza utoto wauwisi umanamiza maso. Muuyerekeze ndi galimoto panja masana, osati m'nyumba ndi nyale ai. Yesaninso kadontho pamalo pobisika, cifukwa mankhwala osungunulira utoto watsopano nthawi zina amakwinyitsa wakale.

Pa kabala kakang'ono burashi njaikulu; kamtengo ka macesi kosongola n'kokwanira. Dontheza pang'ono, uume, nimudonthezenso, kawiri kapena katatu, kufikira dzenjelo lilingane ndi utoto wozungulira. Gwirani nchito pamthunzi, m'mawa mphepo isanautse pfumbi, pakuti pa citsulo cotentha utoto umauma usanagone bwino. Moto ndi fodya zikhale kutali, ana naonso. Utoto wochedwa 2K musaupope kunyumba. Mpweya wace umaononga mapapu.

Ngati mtundu wofanana wasowa ndipo mitambo yayamba kudera, musadikire. Pakani utoto wa pansi ndi wina uliwonse wa pacitsulo pamwamba pace kuti madzi asalowe. Galimoto idzaoneka yamawangamawanga ngati nkhanga, koma mtundu mudzaukonza mutagulitsa thonje ndi nshawa.