Malebulo a pachipatala: tigule osindikiza kale kapena tipangitse athu?

Chipatala chaching'ono ngati cha ku Kanakantapa, m'boma la Chongwe, chimalemba ndi kumata zinthu zambiri patsiku kuposa mmene odwala amaganizira: timapulasitiki ta mapiritsi, timabotolo ta magazi ndi makhololo, katemera wotsegulidwa, zidebe za klorini, mabini a zinyalala, mashelefu a m'sitolo ya mankhwala. Ndalama zoyendetsera ntchito zikalowa, kapena akufuna kwabwino akati athandizepo, pamabuka funso lakuti tigule malebulo osindikiza kale kapena tikapangitse athuathu ku Lusaka. Malangizowa ndalembera oyang'anira zipatala za kumudzi, ogawa mankhwala, ndi eni makiliniki apulaiveti a m'mbali mwa Great East Road. Maganizo anga ndi akuti ochuluka mugule osindikiza kale, mupangitse ochepa okha, ndipo musatulutse ngwee musanawayese.

1. Yendani chipinda ndi chipinda, kope lili m'manja

Musayambire pa kabuku ka wogulitsa, chifukwa iye adzakuonetsani zimene ali nazo, osati zimene mukusowa. Yambirani kolandirira odwala, mudutse kolandirira mankhwala, ku labu, kwa amayi oyembekezera, kusikelo ya ana, mpaka kudzenje la zinyalala. Paliponse pamene mwaona pulasitala yolembapo ndi bolopeni, kapena chidebe chopanda dzina, lembani. Mufunsenso oyeretsa, pakuti ndiwo amasungunula klorini ndipo kawirikawiri safunsidwa.

Pamndandandawo chotsanipo msanga zonse zobwera ndi lebulo yake kuchokera kufakitale. Mankhwala ochokera ku ZAMMSA, bungwe limene linalowa m'malo mwa Medical Stores Limited, amafika atalembedwa kale dzina, mphamvu, nambala ya batch ndi tsiku lotha ntchito, ndipo zolembazo zimayang'aniridwa ndi ZAMRA pansi pa lamulo la mankhwala la 2013. Chanu n'kusaphimba zimenezi. Pabotolo la katemera pali kabwalo kokhala ndi kabokosi koyererako pakati, kotchedwa VVM, kamene kanayamba kuikidwa pa katemera wa poliyo mu 1996. Kabokosiko kamada pang'onopang'ono botolo likamakumana ndi kutentha, ndipo kakafanana mtundu ndi bwalolo katemerayo watha ntchito. Sitika yanu ikakwera pamenepo, mwatseka diso la namwino.

2. Pa chilichonse, funsani kuti adzawerenga ndani

Owerenga ali pamitundu itatu: ogwira ntchito pachipatala panu, anthu akunja monga a labu ya kuchipatala cha boma ku Chongwe, ndi wodwala amene akupita ndi mankhwala kunyumba. Lembani mtundu wa wowerenga pambali pa chinthu chilichonse. Chisankho chonse chagona pamenepa.

3. Zochenjeza ngozi ndi zotuluka pachipatala, gulani zosindikiza kale

Chizindikiro cha ngozi chimathandiza pokhapokha ngati chikuoneka chimodzimodzi paliponse. Namwino amene wangosamutsidwa kuchokera ku Kafue kapena ku Luangwa asayambe waphunzira mitundu yanu yapadera asanadziwe potaya thonje lamagazi. Mitundu imene bungwe la WHO limalangiza ndi yodziwika: chikasu pa zinyalala zopatsira matenda ndi pamabokosi otayamo singano, bulauni pa mankhwala otayidwa, wakuda pa zinyalala wamba. Masitika amenewa, pamodzi ndi chizindikiro chija cha biohazard, alipo kale pamsika ndipo ndi otsika mtengo chifukwa amasindikizidwa ambirimbiri. Kupangitsa anu n'kuwononga ndalama, ndipo wosindikiza akasintha chikasu n'kukhala ngati olenji mwayambitsa chisokonezo china.

Pa zinthu zopita ku labu, lamulo ndi la wolandira. Imbani foni, mufunse kuti amafuna zotani pabotolo, ndipo ngati amapereka masitika awo a barcode gwiritsani amenewo basi. Botolo la makhololo oyezera TB lilembedwe m'mbali, osati pachivindikiro, chifukwa ku labu zivindikiro zimachotsedwa ndipo zikhoza kusinthana. Lebulo ya kabotolo ka magazi imatidwe motsatira utali wa botolo, kusiya kampata koonera magaziwo, ndipo ilembedwe wodwala akadali pamaso panu.

Chenjezo limodzi pa zogula za kunja: malebulo ambiri opangidwira msika wa ku America amayamba ndi mwezi, kenako tsiku. Munthu wolemba 03/04 pa lebulo yotere akhoza kutanthauza 4 March pomwe mnzake awerenga 3 April. Mukaona mpukutu wotero m'sitolo, usiyeni ngakhale utsike mtengo.

4. Pangitsani zokhazo zimene msika sukuzidziwa

Apa pali magulu awiri. Loyamba ndi la timasitika tokhala ndi mipata yolembamo: tsiku lotsegulira, ola, tsiku lotayira, ndi zilembo zoyamba za dzina la wotsegula. Katemera wa BCG ndi wa chikuku akasungunulidwa amatayidwa pakatha maola 6 kapena sikelo ikatha, pomwe mabotolo ena amasungidwa mpaka masiku 28 ngati akwaniritsa zofunika. Mpata wa ola ndi umene umasowa pa masitika ambiri ogula, ndiye ngati simukuupeza, pangitsani.

Klorini nayenso ali m'gulu lomweli. Kolera imene inavuta ku Lusaka kuyambira mu October 2023, mpaka bwalo la National Heroes linasandutsidwa chipatala mu January 2024, inakumbutsa aliyense kuti zidebe ziwiri zooneka chimodzimodzi zikhoza kukhala ndi mphamvu zosiyana kwambiri. Wa 0.05% ndi wosambira m'manja, wa 0.5% ndi wotsukira pamene patayikira magazi, ndipo kusinthanitsa ziwirizi n'kuwotcha khungu la munthu kapena kusiya tizilombo tili moyo. Lebulo ya chidebe ikhale yaikulu, inene mphamvu, ntchito yake, ndi kasungunulidwe ka klorini amene mumagwiritsa ntchito pachipatala panu. Ngati ndi wamadzi wa 3.5%, gawo limodzi m'magawo 6 a madzi limapereka 0.5%. Ngati mumalandira waufa, muyezo ndi wina, ndipo n'chifukwa chake palibe sitika yogula imene ingakuuzeni zoona. Musiye mpata wa tsiku, popeza amasungunulidwa watsopano tsiku lililonse.

Gulu lachiwiri ndi la wodwala, ndipo apa m'pofunika kukhazikika mtima. Tonse timakadziwa kapulasitiki ka mapiritsi kotseka ndi zala, kokhala ndi mizere ya dzina ndi tizithunzi ta dzuwa likutuluka, dzuwa lili paliwombo, dzuwa likulowa ndi mwezi. Kameneka ndi lebulo yosindikiza kale, ndipo n'kabwino ndithu ngati wogawa mankhwala alemba nambala pansi pa chithunzi chilichonse m'malo mongokhwatcha 2x3 pakati. Agogo ena 2x3 amaimva bwino, ena amamwa atatu kawiri. Onaninso paketi ya Coartem, mankhwala a malungo: mapiritsi ake anasanjidwa m'mizere ya masiku atatu, ndipo mapaketi ake ndi a 6, 12, 18 ndi 24 malinga ndi kulemera kwa wodwala. Pamenepo simufunika kuwonjezera kanthu koma kufotokoza pakamwa kuti ulendo wachiwiri amwe pakatha maola 8.

Chimene kapulasitiki kaja sikanena ndi mawu ngati akuti mumalize onse ngakhale mwapeza bwino, mumwe mutadya, gwedezani botolo, osameza koma kuika kumaso. Mawu amenewa ndiwo oyenera kupangitsa m'chilankhulo cha anthu. Koma chilankhulo chiti? Chongwe ndi dziko la Asoli, pansi pa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, pomwe Kanakantapa inakhazikitsidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ngati malo opatsako minda achinyamata osowa ntchito a m'matauni, ndipo boma la Japan linathandizapo. Choncho kuli anthu ochokera m'zigawo zosiyanasiyana, ndipo pamzere wa odwala mumamveka Chisoli, Chinyanja, Chibemba ndi Chitonga. Simungasindikize zonsezi pa kapepala kochepa ngati chala. Ine ndingasankhe Chinyanja chimene anthu amalankhula pamsika, pansi pake Chingelezi chachifupi kuti wachipatala china awerenge, ndipo chotsalacho chimalizidwe ndi pakamwa pawindo. Mawuwo musawalembe nokha muofesi. Apatseni a Neighbourhood Health Committee ndi amayi angapo a kusikelo awerenge mokweza, kenako muwafunse kuti achita chiyani akafika kunyumba. Akayankha mosiyana, mawuwo sanapse.

5. Yesani pepala, guluu ndi inki

Pemphani zitsanzo, kaya ndi zogula kaya ndi zopangitsa. Wogulitsa wokana kupereka masitika khumi oyesera musachite naye malonda. Imodzi imateni pabotolo la m'firiji ya katemera, mmene mumazizira madigiri 2 mpaka 8, ndipo m'mawa mwake mulitulutse lichite thukuta, muone ngati m'mphepete simukutukuka. Ina ipukuteni ndi thonje la sipiriti. Ina ikhale pawindo padzuwa kwa sabata, makamaka ngati ndi nyengo yotentha ya October. Ina ikulungeni pa kabotolo kakang'ono ka magazi, chifukwa pepala lolimba limakana kupindika n'kumadzimatula lokha. Pomaliza lembanipo ndi bolopeni yeniyeni imene anamwino amayenda nayo m'thumba, n'kupakapo chala. Masitika onyezimira amaoneka bwino pakauntala ya wosindikiza koma bolopeni imaterereka.

Samalani ndi pepala la thermal, losindikiza ndi kutentha popanda inki. Lili ngati risiti ya m'sitolo imene mumaipeza m'thumba itayera mbee pakapita miyezi, ndipo sipiriti ikaligwera limada. N'lokwanira pa mankhwala a masiku asanu, koma pa shelefu, pa chidebe kapena pa mankhwala a miyezi ingapo funani la pulasitiki losindikizidwa ndi riboni.

6. Werengerani mtengo wonse, ndipo ganizirani chidindo

Osindikiza a ku Kamwala ndi m'tauni amatsitsa mtengo mukaitanitsa zambiri, ndipo apa m'pamene ambiri amakodwa. Guluu amauma mpukutu ukakhalitsa m'chipinda chotentha, malangizo a Unduna wa Zaumoyo amasintha, nambala ya foni imasintha. Itanitsani zokwana miyezi 6, mutenge makotesheni atatu, ndipo muwonjezerepo ndalama ya ulendo wa ku Lusaka, pafupifupi makilomita 45 kuchokera pa Chongwe, kupatula msewu wolowera ku Kanakantapa. Dzina la chipatala ndi logo pa sitika ya kabotolo n'zongodya malo, ngakhale ndikudziwa kuti mabwana amazikonda.

Kugula printa yanuyanu kumamveka kwanzeru, koma kumbukirani 2024, pamene chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi a ZESCO ankazima maola ambiri patsiku. Ngati sola yanu ndi ya firiji ya katemera yokha, printayo idzangokhala. Njira yapakati imene imagwira ntchito kumudzi ndi chidindo cha labala: mupangitse kamodzi chokhala ndi mizere ya tsiku, ola ndi dzina, mugule masitika oyera opanda kanthu, ndipo tsiku limene odwala achepa wina adinde mapepala angapo.

7. Musanalole kusindikiza, ndi zikafika

Chitsanzo chomaliza chiwerengedwe ndi anthu awiri payekhapayekha, papepala la saizi yeniyeni osati pa WhatsApp, ndipo chilichonse chokhudza mankhwala chidutse kwa oyang'anira za mankhwala ku ofesi ya zaumoyo ya boma. Yang'anani kadontho ka pa 0.5 ndi ziro wa kutsogolo kwake, chifukwa kadonthoko kakafufutika anthu awerenga 5. Muwerengenso chitsanzocho usiku ndi tochi ya foni, mmene namwino wa kumateniti adzachiwerengere.

Mipukutu ikafika ilembeni pa khadi la sitoko ngati katundu wina aliyense, isungidwe m'kabati yotseka kutali ndi dzuwa, ndipo tsiku lomwelo muchotse malebulo onse akale pazidebe ndi pamashelefu kuti pasakhale awiri otsutsana. Fayilo ya chitsanzo muipemphe kwa wosindikiza n'kuisunga pachipatala, kuti ulendo wotsatira mukhoze kupita kwa wina aliyense amene mtengo wake wakukomerani.