Kukaona Ziboliboli za Phula ku Madame Tussauds

Nyumba ya Madame Tussauds, pa msewu wa Marylebone mumzinda wa London, imasunga ziboliboli za anthu otchuka zoumbidwa ndi phula. Mlendo ayambe wadziwa mbiri yake, chifukwa wolowa osaidziwa amangojambulitsa zithunzi n'kutuluka.

Mwini dzinali, Marie Tussaud, anabadwira ku Strasbourg mu 1761, ndipo kuumba anakuphunzira kwa dokotala Philippe Curtius. Pa nthawi ya kuukira ufumu ku France ankaumba nkhope za anthu odulidwa mitu. Mu 1802 anawolokera ku Britain, nayendayenda m'matauni ndi ziboliboli zake kwa zaka 33 asanakhazikike pa Baker Street mu 1835. Mdzukulu wake anasamutsira chionetserochi pamalo apano mu 1884.

Chotsatira ndi tikiti. Igulidwe pa intaneti tsikulo lisanafike, poti pakhomo imadula ndipo mzere umatalika, makamaka ana akatsekera sukulu. Nthawi yam'mawa ndiyo yabwino.

Popita, mlendo akwere sitima yapansi panthaka n'kutsikira pa siteshoni ya Baker Street. Kuchokera pamenepo ndi pafupi, poyenda wapansi.

M'kati, zipinda za akatswiri a mafilimu, oimba ndi banja lachifumu ndizo zimadzaza. Kujambula n'kololedwa, koma mlendo ayandikirenso n'kuyang'anitsitsa: maso, mano, ndi tsitsi lomwe amisiri amalisomeka limodzilimodzi. Chiboliboli chimodzi chimatenga miyezi ingapo kuti chithe.

Pofunika kudekha kwambiri ndi pa zakale, zomwe ambiri amazidutsa mothamanga. Moto wa mu 1925 ndi bomba la mu 1940 zinawononga zochuluka, choncho zotsalazo n'zamtengo wapatali. Afunefune chiboliboli cha mayi wogona, chotchedwa Sleeping Beauty, chomwe amati Curtius anachiumba potengera mayi wina dzina lake Madame du Barry. Ndicho chakale kuposa zonse, ndipo chifuwa chake chimakwera n'kutsika ngati akupuma. Aonenso chiboliboli chimene Marie Tussaud anadziumba yekha mu 1842, kutatsala zaka 8 kuti amwalire.

Chipinda cha Chamber of Horrors chimaonetsa zigawenga zakupha za mu London, ndipo wokhala ndi ana aang'ono achilambalale. Chakumapeto kuli Spirit of London, pomwe alendo amakwera timagalimoto tonga matekisi akuda, todutsa m'mbiri ya mzindawu, kuphatikizapo mliri wa mu 1665 ndi moto waukulu wa mu 1666.