Kupeta Dzina Pansalu ndi Timisoko ta X: Phunziro la Oyamba Kumene



Phunziro lathu ulendo uno ndi la ntchito yamanja imene pa Chingerezi amaitchula kuti cross stitch. Uku ndi kupeta nsalu posoka timisoko tiwiri topingasana tooneka ngati chilembo cha X, kabokosi kalikonse X wakewake, mpaka dzina kapena duwa litaoneka. Lusoli silifuna makina, silidya ndalama zambiri, ndipo aliyense wodziwa kuwerenga manambala angathe kulidziwa. Cholinga chathu n'chakuti wophunzira aliyense apete dzina lake, kapena la m'bale wake, pakansalu kakang'ono koikira chizindikiro m'buku kapena kosokerera pathumba la mabuku a ku madrasa.

Makolo ena akamva liwu loti cross amayamba kukayika. Pano liwuli likungonena za ulusi umene wapingasana, monga chizindikiro cha kuchulukitsa pa masamu. Silikukhudzana ndi chipembedzo chilichonse. Kwa anyamata amene akuganiza kuti singano ndi ya atsikana okha, kumbukirani kuti mayi Aisha (Allah asangalale nawo) adafotokoza kuti Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) ankadzisokera yekha chovala chake chikang'ambika.

Kumene lusoli lidazika mizu

Amayi a ku Palestine akhala akupeta madiresi awo ndi timisoko totere kwa mibadwo yambiri. Luso lawo limatchedwa tatreez, ndipo kale munthu ankatha kudziwa dera limene mayi wachokera pongoona mtundu wa ulusi ndi maluwa a pachifuwa pa diresi lake. A ku Ramallah ankadziwika ndi ulusi wofiira pansalu yoyera. M'chaka cha 2021 bungwe la UNESCO lidaika tatreez pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu choyenera kusungidwa.

Ku England nako atsikana ankaphunzira kusoka polemba mayina ndi zaka pansalu. Nsalu ya Jane Bostocke, yolembedwa chaka cha 1598, ikusungidwabe ku Victoria and Albert Museum mumzinda wa London. Dzina lake tikulidziwa lero chifukwa adalisoka yekha ndi ulusi.

Zipangizo

Nsalu yoyenera kwambiri imatchedwa Aida. Idalukidwa mwa timabokosi tofanana, ndipo pangodya iliyonse ya kabokosi pali kabowo kolowetsapo singano. Imagulitsidwa ndi nambala. Aida 14 ili ndi timabokosi 14 pa inchi imodzi, kapena kuti pafupifupi timabokosi 11 pa masentimita 2. Aida 11 ili ndi timabokosi tokulirapo, choncho siitopetsa maso a woyamba.

Aida ikasowa musagwe ulesi. Nsalu ya timabokosi, yonga imene ena amayala patebulo, imagwira ntchito yomweyo, bola timabokosi take tikhale tofanana mbali zonse. Poyeserera, chiguduli ndi ulusi wolukira majuzi n'zokwanira.

Ulusi wopetera umabwera ndi timaulusi 6 topotana pamodzi. Pa Aida 14 timagwiritsa tiwiri tokha. Makampani monga DMC ya ku France amapatsa mtundu uliwonse nambala yake: 310 ndi wakuda, 321 ndi wofiira. Sungani kapepala ka nambalayo kuti ulusi ukathera panjira mukagule wofanana. Ngati mwagula ulusi wapamsika wopanda nambala, dulani kachidutswa, kanyowetseni, mukafinyire pansalu yoyera. Ukasiya utoto, umenewo udzaononga ntchito yanu tsiku loyamba kuchapa.

Singano ya pa Aida ndi yobuntha kunsonga, ya diso lalikulu, nambala 24. Imalowa m'timabowo osaboola ulusi wa nsaluyo. Pansalu wamba ya timabokosi pamafunika singano yakuthwa chifukwa palibe timabowo. Onjezerani sizasi, pensulo, chofufutira ndi pepala la m'kope la masamu la timabokosi.

Yambani ndi pepala

Kabokosi kamodzi ka papepala ndi X mmodzi pansalu. Chimene chalakwika papepala timachifufuta, koma cholakwika pansalu timachita kusomola ulusi umodziumodzi, ndipo nsalu imatha kuyoyoka.

Lembani zilembo zazikulu, chilichonse timabokosi 7 m'litali ndi 5 m'lifupi, kupatula I amene amakwana mu 3. Pakati pa zilembo siyani kabokosi kamodzi. Titenge dzina loti AMINA. A ndi 5, M ndi 5, I ndi 3, N ndi 5, A ndi 5, zonse pamodzi 23. Mipata ilipo 4, ndiye kuti dzinalo latenga timabokosi 27.

Tsopano tizungulize mpendero. Siyani timabokosi 3 topanda kanthu kuzungulira dzina, kenako mpendero wa timabokosi 3. Mbali iliyonse yaonjezera 6, mbali ziwiri 12. Kuchoka kumanzere kufika kumanja tili ndi 27 kuphatikiza 12, zomwe ndi 39. Kuchoka pamwamba kufika pansi tili ndi 7 kuphatikiza 12, zomwe ndi 19.

Kuti tidziwe kukula kwake pa Aida 14, tigawe ndi 5.5. Tikupeza pafupifupi masentimita 7 ndi masentimita 3.5. Pansalu ya timabokosi ta theka la sentimita, dzina lomweli litenga masentimita 19.5 ndi 9.5. Musanadule nsalu, onjezerani masentimita 5 mbali iliyonse, poti mudzafuna pogwira komanso popinda. Pa Aida 14 mudula masentimita 17 ndi 13.5. Sokererani m'mphepete mwake kuti isamayoyoke.

Kupeza pakati

Oyamba ambiri amayambira kumapeto kwa nsalu, ndipo akafika pa chilembo chomaliza amapeza malo atha. Ife timayambira pakati. Pindani nsalu pawiri, muipindenso pawiri. Pamene mizere yakumana mpamene pali pakati, ndipo baiyanipo pini.

Papepala, pakati pa timabokosi 27 ndi kabokosi ka nambala 14, kamene kakugwera pakati penipeni pa I. Koma si mayina onse amatero. MUSA ali ndi zilembo 4 za timabokosi 5 ndi mipata 3, zonse 23. Pakati pake ndi kabokosi ka nambala 12, ndipo kameneka ndi mpata wa pakati pa U ndi S. Wopeta dzinali asiye kabokosi kapakatiko, ayambe S kumanja kwake. Werengani kawiri musanabaye singano koyamba. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kasokedwe kake

Dulani ulusi wotalika kuchokera kunsonga ya zala kufika pachigongono, pafupifupi masentimita 45. Wautali kuposa pamenepo umapotana n'kumanga mfundo. Solani kaulusi kamodzikamodzi mpaka tikwane tiwiri, kenako tiphatikizeni n'kulowetsa pasingano.

Pa ntchito imeneyi sitimanga mfundo, chifukwa imatumphuka kutsogolo kapena kudutsa pakabowo. Tulutsani singano kuchokera kuseri, musiye kamchira ka masentimita 3, mukagwire ndi chala kuti timisoko 4 kapena 5 toyamba tikapanikize.

Kabokosi kali ndi ngodya 4. Tulukirani pansi kumanzere, mulowe pamwamba kumanja. Mwapanga theka la X. Kenako tulukirani pansi kumanja, mulowe pamwamba kumanzere. X watha. Pamzere wa timabokosi tambiri, sokani matheka onse popita kumanja, mudzamalize pobwerera. Lamulo lalikulu ndi ili: ulusi wapamwamba wa X aliyense upendekere mbali imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mukasinthasintha, kuwala kumagwera mosiyana ndipo dzina limaoneka lamawangamawanga ngakhale ulusi uli wa mtundu umodzi.

Musakoke kwambiri, nsalu ingakwinyike. Musalekererenso, ulusi ungamakole zinthu. Ukayamba kupotana, lekani singano ilendewere kuti uongoke wokha. Pomaliza, dutsitsani singano kunsi kwa timisoko 4 ta kuseri, mudule. Chilembo chilichonse chimalizidwe pachokha, popeza ulusi wakuda wodumphira ku chilembo china umaonekera kutsogolo pansalu yoyera.

Tembenuzani nsalu kawirikawiri muone kuseri. Kukakhala bwino mumaona timizere tifupitifupi toimirira. Ntchito yokongola kumaso koma kuseri kuli chipwirikiti ndi chikomekome cha mkuyu, ndipo siichedwa kusomoka.

Amene akufuna kulemba m'Chiarabu

Pali kalembedwe ka Chiarabu kamene kamagwirizana bwino ndi timabokosi, kotchedwa Kufi wa makona. Amisiri ankakalemba ndi njerwa ndi matailosi pamakoma, monga pa madrasa ya Ulugh Beg mumzinda wa Samarkand ku Uzbekistan, yomangidwa pakati pa 1417 ndi 1420. Mulibe mizere yokhota, ndipo lamulo lake n'lakuti kunenepa kwa mzere kufanane ndi mpata wa pakati pa mizere: kabokosi kamodzi kosokedwa, kamodzi kosiyidwa.

Jambulani kuchokera kumanja kupita kumanzere monga timalembera, koma posoka muyambirebe pakati. Samalani ndi timadontho. Baa ali ndi kamodzi pansi, taa ali ndi tiwiri pamwamba, nuun kamodzi pamwamba, yaa tiwiri pansi. Kadontho kamodzi kakasochera, dzina lasintha. Kadontho kalikonse kakhale X mmodzi wozunguliridwa ndi mpata. Pepala lanu lionedwe ndi mphunzitsi wa Chiarabu musanagwire singano.

Zoyenera kusamala ngati Asilamu

Mayina ena ali ndi dzina la Allah mkati mwake, monga Abdullah ndi Abdur-Rahman. Oterewa sitiwapeta pa tawulo, pa kampango kopukutira thukuta, pa chopondapo kapena pa chilichonse cholowa nacho kuchimbudzi. Malo ake ndi chokoloweka pakhoma kapena choikira chizindikiro m'buku. Ndime za Qur'an tikupempha kuti oyamba musazipete. Kuphonya kabokosi kamodzi kungasinthe chilembo, komanso nsalu imachapidwa ndi kuyanikidwa pamodzi ndi zovala zina. Pepala limene mwayeserapo mayina otere musalitaye padzala.

Pampendero, monga tidaphunzira m'kalasi, maulama ambiri amaletsa kujambula anthu ndi nyama. Zosankha zilipo zambiri: nyenyezi ya nsonga 8, masamba, maluwa, mizere yokwera ndi kutsika ngati mano a sowo. Woyamba atenge kakang'ono kobwerezabwereza, mwachitsanzo X atatu okwera ndi awiri otsika. Yambirani pakati pa mbali iliyonse kupita kungodya kuti mbali ziwirizo zifanane. Mitundu iwiri ya ulusi ndi yokwanira, umodzi wa dzina, wina wa mpendero.

Kuchapa ndi kusita

Sambani m'manja nthawi zonse musanagwire nsalu, ndipo musasokere pafupi ndi utsi wa kukhitchini. Mukamaliza, chapani m'madzi ozizira ndi sopo pang'ono, osafikisa kapena kupotokola. Kulungani m'tawulo kuti madzi achoke. Sitani kuseri, nkhope ya nsalu itagona patawulo, kuti timisoko tisaphwatalale. Ngati simbi ndi yamakala, yalani kansalu koyera pamwamba kuopa phulusa. Pomaliza pindani m'mphepete, musokere nsalu ina kuseri yophimba ulusi.

Ntchito yokachita

1. Jambulani dzina limene mwasankha papepala la timabokosi, mulembe chiwerengero cha m'litali ndi m'lifupi.
2. Pezani kabokosi kapakati, mukazungulize ndi pensulo.
3. Werengetsani kukula kwa nsalu imene mudule, osaiwala masentimita 5 a mbali iliyonse.
4. Pakachidutswa koyeserera, sokani mizere 3 ya X khumi, onse opendekera mbali imodzi, popanda mfundo.
5. Bweretsani pepala ndi kachidutswako kuti tione kutsogolo ndi kuseri komwe, kenako muyambe nsalu yeniyeni.

Makolo, tikupempha kuti mwana azisoka masana pamalo owala, kwa mphindi 20 kapena 30, kenako apumitse maso. Singano azibaya pakansalu akamaliza, kuopa ana aang'ono okwawa. Akuluakulu a komiti, ulusi umodzi wogula ungakwanire ana angapo chifukwa umagawidwa patatu, choncho kugula pamodzi kungathandize amene makolo awo sangakwanitse. Amayi a m'dera lathu amene amadziwa kale kupeta nsalu za pamipando tikuwaitana kuti adzakhale nafe tsiku loona mapepala, Insha Allah.