Usanalowe, Dziwa Potulukira

Nyengo ya zoimbaimba ikafika, mafoni sapuma. Wina akusonkhetsa ndalama za basi, wina wabwereka tenti, wina akuti tinyamuke Lachisanu masana kuti dzuwa likamalowa tikhale tili pamchenga ku Salima kapena ku Mangochi. Sindikukuletsa, m'bale wanga. Pita ukapumitse mutu. Koma pa zonse wakonzazo, tikiti, zovala, chaja, ndalama ya kanyenya, waganizirapo kuti zinthu zikakathina pamalopo ukatulukira pati?

Loweruka pa 24 July 2010, mumzinda wa Duisburg ku Germany munali chikondwerero cha nyimbo chotchedwa Love Parade. Chinayambira ku Berlin mu 1989, ndipo chinkakoka achinyamata ochokera m'mayiko ambiri. Kulowa kunali kwaulere. Mu 2010 anachichitira pabwalo lakale la sitima zonyamula katundu, lozunguliridwa ndi mpanda. Kuti munthu afike pabwalopo ankadutsa mumsewu wolowa pansi pa njanji, makoma uku ndi uku, kenako n'kukwera kamtunda kotulukira pamwamba. Ochokera kum'mawa ndi ochokera kumadzulo ankakumana m'munsi mwa kamtundako. Ofuna kubwerera kwawo ankatsikiranso pomwepo.

Amene anafika pamwamba anaima pomwepo kuonerera malole a nyimbo akudutsa, njira n'kutsekeka. Kumbuyo anthu ankangobwerabe. Apolisi anaima m'mizere kuti awatchinge, koma mizereyo inaduka. Pofika cha m'ma 5 koloko madzulo, olowa ndi otuluka anali atakumana chifuwa ndi chifuwa. Anthu 21 anamwalira ndipo oposa 600 anavulala. Pamwamba nyimbo zinapitirira mpaka usiku, poopa kuti zikazimitsidwa chinamtindi chonse chikhamukira kunjira yomwe ija. Ambiri ankavina osadziwa kuti m'munsimo anzawo agona. Love Parade inathera pomwepo. Mlandu wake unayamba mu 2017 ndipo unatsekedwa mu 2020 popanda aliyense wopezeka wolakwa.

Tikamva nkhani ngati iyi timaganiza kuti anthu anadzidzimuka, n'kuyamba kuthawa, n'kupondana. Madokotala atapima matupi aja anapeza zina: onse anafa chifukwa chofinyika pachifuwa. Ika dzanja panthiti zako upume. Waona mmene zikutukukira? Mapapo amafuna kampata kameneko. M'khamu lothithikana, ukangotulutsa mpweya, matupi a anzako amalanda kampatako ndipo sikabwereranso. Umafuna kukoka mpweya wina, chifuwa chikukana. Munthu amatha kukomoka ali chiimire, osagwa n'komwe chifukwa palibe pogwera, woyandikana naye n'kumayesa kuti wangotopa kapena waledzera. Zomwezi zinachitikanso ku Houston ku America mu November 2021, pa chikondwerero cha Astroworld, pomwe anthu 10 anabanika Travis Scott akuimba. Wamng'ono mwa iwo anali ndi zaka 9.

Cholakwa chachikulu ku Duisburg chinali cha okonza ndi owaloleza: sungadutsitse anthu masauzande ambirimbiri panjira imodzi, olowa ndi otuluka. Omwalirawo sindikuwaimba mlandu, ayi. Koma pali chinthu chimene anthu ambiri anachita tsiku limenelo chomwe iwenso ungachite, chifukwa chimaoneka chanzeru. Anapitiriza kusunthira kutsogolo. Amene anali kumbuyo sankaona zimene zikuchitika kutsogoloko. Ankangomva ng'oma zikugunda chapafupi, n'kumati tatsala pang'ono kufika. Aliyense ankasuntha phazi limodzi lokha, popanda woipa mtima, koma mapazi amenewo ataphatikizana, kulemera kwake konse kunathera pa anthu amene anali kukhoma. Pambali pa khomalo panali kamasitepe kopapatiza, pholo yonyamula magetsi ndi kontena. Ena atakwera pamenepo n'kupulumuka, aliyense anafuna kulunjika komweko, ndipo m'munsi mwa kamasitepeko ndi mmene ambiri anafera.

Ndiye dzifunse. Walipira tikiti yodula, wayenda ulendo wautali, woimba amene wamudzera wakwera pasiteji, anzako akukukoka dzanja kuti tiyeni kutsogolo. Ungabwerere? Kapena ungaope kuti akuseka, akutcha wamantha? Mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Vuto lina n'lakuti ife kupanikizana tinakuzolowera. Mu minibasi timakhala anayi pampando wa atatu, thumba la wina lili pamiyendo, ndipo timafika bwinobwino. N'chifukwa chake thupi likayamba kutichenjeza timaliuza kuti lipirire. Koma minibasi ili ndi malire a anthu amene angalowemo, pomwe kumbuyo kwako pabwalo la zoimbaimba kungabwere anthu ena chikwi iwe osawaona.

Zizindikiro zimayamba usanalowe n'komwe. Geti ndi limodzi, ndipo lomwelo ndi lotulukira. Nthawi yotsegula yadutsa koma anthu akungounjikana panja. Ena ayamba kulumpha mpanda, alonda akuoneka kuti asokonezeka. Ukaona zimenezi, ima patali udikire, ngakhale nyimbo ziwiri zikupite. Kwathu kuno tinaziona pa 6 July 2017 pa Bingu National Stadium ku Lilongwe, pa chikondwerero cha ufulu wodzilamulira. Mageti anachedwa kutsegulidwa, anthu anakankhana polowera, ndipo 8 anamwalira, ambiri mwa iwo ana.

Ukakhala mkati, mvetsera thupi lako. Ngati anthu akukukhudza kutsogolo, kumbuyo ndi mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, malo achepa kale. Akatswiri a za makamu amati anthu akapitirira asanu pamalo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi, ngozi yayandikira, koma iwe sudzakhala ndi nthawi yowerenga mitu. Yesa kukweza dzanja ugwire nkhope yako. Zikavuta, yamba kuchoka nthawi yomweyo. Ukamva kuti thupi likutengedwa kupita uku ndi uku iwe usanasunthe phazi, kapena ukaona anthu akukwera mpanda nkhope zili zamantha, kapena wina akunyamulidwa pamwamba pa mitu ali lende, dziwa kuti mpata wotuluka watsala wochepa kwambiri. Nanga ukudikiranso chiyani, kuti woimba aime akuuze? Iye ali pamwamba, magetsi akumuthobwa m'maso, sakuona zimene iwe ukumva m'nthiti.

Zikakupeza uli pakati, pinda manja uwaike patsogolo pa chifuwa, zigongono zikutchinjirize nthiti. Ima molimba, phazi lina kutsogolo lina kumbuyo. Usalimbane ndi khamu, sungaligonjetse, ungotha mphamvu. Kukankhako kumabwera n'kupumira, ndiye kukapumira sunthira cham'mbali, pang'onopang'ono, kulowera kumene anthu achepa, koma utalikire khoma, mpanda ndi zitsulo za kutsogolo kwa siteji. Usakuwe popanda chifukwa, mpweyawo uusunge. Foni ikagwa, isiye. Nsapato ikavuka, isiye. Ukawerama sudzadzukanso, ndipo ena adzagwera pa iwe. Koma mnzako akagwa pafupi nawe, mukokeni msanga inu amene mwamuzungulira, chifukwa pamene wagwa mmodzi pamagweranso ena.

Za mowa sindinena zambiri, ukudziwa wekha kuti miyendo yoledzera siima. Za ana ndinene mosapsatira: mwana alibe malo kutsogolo kwa siteji. Nkhope yake imafika pamimba pa akuluakulu, ndipo mpweya umamuthera iye poyamba. Ngati wamutenga, khalani kumbuyo komwe angathe kuthamanga. Ndipo musanabalalike ndi anzako, gwirizanani malo okumanirana kunja kwa mpanda, chifukwa pakakhala chikhamu netiweki imavuta, ndipo ena amabwerera m'kati mwa ngozi kukasaka mnzawo amene anatuluka kale.

Ukakafika Lachisanulo, usanafunse kuti siteji ili kuti, zungulira bwalo kukadali kowala uone mageti onse ndi maso ako. Funsa mlonda kuti ndi ati adzatsegulidwe potuluka, ndi kumene kuli achipatala. Akakuuza kuti geti ndi lomweli basi, sankha chimodzi: utuluke nyimbo yomaliza isanayambe, kapena ukhale pansi udikire mpaka anthu atachepa. Kunyumba akukudikira Lamulungu, m'bale wanga.