Kusamala moto powamba nsomba zopita kumtunda

Nsomba zimene timawamba ku Chintheche kapena ku Nkhata Bay sizithera m'midzi mwathu mokha. Amalonda amakwera nazo kudzera ku Mzuzu ndi Chikangawa mpaka pa boma la Mzimba, zina n'kukafika ku Edingeni, kulikulu la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa. Ulendowu ndi wautali, ndipo nsomba zikapanda kutha msanga pamsika zimagonera masiku angapo m'dengu. Mlamba wouma kunja kokha umakafika uko utayamba kununkha, wina utagwa mphutsi. Wogulayo sabweranso kwa ife.

Kawirikawiri vuto limayambira pamoto. Timafulumira, n'kusanja nsomba pamakala oyaka kwambiri. Khungu limauma n'kulimba, madzi a m'kati n'kusowa potulukira. Pamaso nsombayo imaoneka yofiirira bwino, koma pafupi ndi minga ikadali yonyowa.

Tiziugawa motowo patatu. Poyamba, titatumbula, kutsuka ndi kuthira mchere, tidikire nsomba zikhe madzi pamthunzi. Makala ayake kaye mpaka ayere phulusa, kenako tiwamwaze pansi ponse m'uvuni, osawaunjika pakati. Moto wa ola loyamba ukhale wofatsa, woti dzanja likhoza kukhala pamwamba pa waya osathawa.

Kachiwiri ndi moto wophika. Tionjezere makala pang'onopang'ono, osati kukhuthula thumba. Amene ali ndi chida choyezera kutentha aonetsetse kuti muli madigiri 70 mpaka 90, ndipo m'kati mwa mnofu mufike 63 kapena kupitirira. Gawo limeneli limatenga maola awiri kapena anayi malinga ndi kukula kwa nsomba; utaka supsa nthawi imodzi ndi kampango.

Kachitatu tichepetsenso moto kuti nsomba ziume mpaka m'kati. Zopita kutali zimafuna maola ambiri pamoto wochepawu, mwina usiku wonse.

Chimene chimalamula moto ndi mpweya. Tikatsegula khomo la pansi makala amakolera. Tikatseka theka ndi chilata kapena njerwa amafatsa. Pamwamba pasiyidwe mpata woti nthunzi izituluka. Moto ukakula tisathire madzi, koma tiwaze phulusa. Khomo lisayang'ane kumene kukuchokera mwera. Komanso tizisintha mawaya: wa pansi upite pamwamba, wa pamwamba utsike.

Mlamba ndi kampango zili ndi mafuta ambiri. Akadonthera pamakala amabutsa malawi ndi utsi wakuda umene umadetsa nsomba ndipo si wabwino m'thupi. N'chifukwa chake uvuni wa FTT, umene unayambira ku Senegal mothandizidwa ndi bungwe la FAO, uli ndi chilata cholandira mafuta pakati pa makala ndi nsomba. Ifenso tikhoza kupendeketsa chilata chotere mu uvuni wathu wa njerwa kapena wa mgolo.

Tisanalongedze, nsomba zizizire kaye, apo ayi zichita thukuta n'kugwira chuku. Tithyole imodzi yaikulu tione pamsana. Ngati pali ponyowa, zibwerere pamoto. Kugulitsa nsomba yobisa madzi ndi chinyengo, ndipo riziki lotere lilibe madalitso. Tikaleza mtima pamoto, Insha Allah mayi wa ku Edingeni adzafunsanso nsomba zathu.